Miyendo Yobwerera Nayo ku Chintheche

Kwathu ku Chintheche mnyamata akatha msinkhu maso ake ankaloza kummwera. Agogo athu ankanyamuka wapansi, kamba ali kumsana, n'kutsata gombe mpaka ku Nkhotakota, kuoloka Zambezi, kukafika ku Halale, ena mpaka ku Joni. Amishoni a ku Scotland atakhazikika pa Bandawe mu 1881, Atonga sanachedwe kugwira cholembera, ndipo sukuluyo inawapatsa ludzu la kutali. Anakakhala makalaliki, akapitawo, ophika ndi omasulira m'migodi ndi m'matauni a eni. Clements Kadalie, mwana wa m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe pomwepo, anafika kuno ku Cape Town, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU pakati pa anthu otsitsa katundu padoko. Anamwalirira ku East London mu 1951. Iyeyo mbiri yake inalembedwa, koma anzake ambirimbiri sitidziwa n'komwe kumene anagona. Kumudzi ankangoti anatchona.

Ine ndinabwera pa basi, ndipo sindinabwere kudzatchona. Ndinati ndigwire ntchito, ndimange nyumba ya malata, ndigule injini ndi chilimira, ndibwerere. Nyumbayo inamangidwa, mlongo wanga ndiye amaisesa. Zaka zinapita ana ali pasukulu, ndipo pamene ndimati tsopano ndimange katundu, miyendo inayamba kukana.

Ndimakhala ku Hout Bay, m'dera la Imizamo Yethu, kumene ukadzuka m'mawa umamva Chitonga kuseri kwa malata a mnzako. Nyumba zathu zinakwera phiri, choncho pochokera kuntchito munthu umathera pachitunda. Pachitunda chimenecho ndi pamene katumba wa mwendo wamanzere anayamba kugwira. Ankalimba gwa, kuwawa mkati mwenimweni. Ndikaima pang'ono ululu unkatha. Ndikayambanso kuyenda, mtunda womwewo ukakwana, unkabwerera. Ndinafika pokhala ndi malo anga oimapo: pakashopu ka m'munsi, pampopi, pamzati wamagetsi. Ndinkati ndi nyamakazi ya ukalamba, monga aliyense wa kwathu akananenera.

Dokotala amene anandiona sanathamangire kulemba mankhwala. Anandiuza kuti ndivule nsapato ndi masokosi, n'kuika zala zake pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, kufunafuna kugunda kwa magazi. Kumanja anakupeza, ngakhale kunali kofooka. Kumanzere anafufuza nthawi yaitali ali chete. Kenaka anayeza BP pamkono ndi pamwamba pa kakolo, akumvetsera ndi kachipangizo kamene kamamveketsa magazi akamadutsa. Anagawa nambala ya kumwendo ndi ya kumkono, n'kundiuza kuti yankho likatsika kufika pa 0.9 kapena pansi pake ndiye kuti mitsempha yopititsa magazi kumiyendo yachepa njira. Langa linali pansi ndithu. Anati mafuta ndi zinthu zina zimaunjikana m'makoma a mtsempha pang'onopang'ono, ndipo ine ndinangoona m'maganizo mmene mchenga umatsekera pamathiriro a timitsinje ta kwathu m'chilimwe, madzi n'kumangodontha polowa m'nyanja. Munthu ukakhala pansi, magazi ochepawo amakwana. Ukayenda, mnofu umafuna ambiri, osawapeza, ndiye umalira.

Zoyambitsa anazitchula: fodya, shuga, BP, mafuta ochuluka m'magazi, ndi zaka. Shuga ndilibe. Fodya ndiye ndinamusuta kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndinamuyambira panyanja. Usiku wopanda mwezi tinkakankha mabwato dzuwa litangolowa, nyali zili pabwato la siginala, kupalasa mpaka magetsi a kumtunda atasanduka timadontho. Usipa umafuna kudikira. Mwera ukayamba kuwomba cha pakati pa usiku, zovala zitanyowa, mano amagundana. Pamenepo mkulu wina ankatulutsa chingambwe, kupichira m'pepala la kope, kuyatsira panyali, n'kumapatsirana kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo. Utsi uja unkatenthetsa chifuwa, ndipo mnyamata akalandira ndudu ija ankadziwa kuti akulu amuwerengera. Sindingadane nawo usiku umenewo. Ndimaulota mpaka lero: kulira kwa nkhafi, kuitanizana pokoka chilimira, usipa ukung'anima pansi pa nyali, ndi amayi akudikira pagombe ndi mabeseni kum'mawa kukufiira. Koma ndudu ija ndinaitenga n'kudza nayo kuno, ndipo ndi imene yandidya miyendo. Ndinaisiya mlungu womwewo umene anandiyeza.

Chimene chinandigwetsa nkhope si nambala ija ayi. Dokotala ankafotokoza mmene matendawa amakulira akalekereredwa. Anati ululu umayamba kubwera ngakhale munthu atagona, makamaka usiku, kuzala ndi kuphazi, moti amatsitsa mwendo pansi pa bedi kuti apezeko mpumulo, kachilonda kakang'ono kamakana kupola, chala chimada. Asanamalize ndinali nditawaona amalume anga.

Amalume anali msodzi wamphamvu, wodziwika gombe lonse. Ine ndili wamng'ono anayamba kugona chokhala pampando wa ndalema, mwendo uli lende, akubuula usiku onse. Chala chachikulu chinayamba kuzizira, kenaka chinada bii. Pamudzi nkhani inali imodzi, yoti aponda mankhwala, poti chaka chimenecho anali atagula ukonde watsopano. Anabwera nawo munthu wodziwa zitsamba, anawatema mphini kuchokera pakakolo kukwera mpaka kumsongolo, kupakamo zakuda. Amayi ankawathowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo. Onse ankachita zimenezi mwa chikondi. Koma mwendo wopanda magazi sulola kuchekedwa: mphini zija zinasanduka zilonda, ndipo fungo litayamba m'pamene anawanyamula kupita nawo kuchipatala. Anabwerako mwendo ataudula pamwamba pa bondo. Bwato lawo linang'ambikira pamchenga. Mabanja awiri sanalankhulane zaka zambiri chifukwa cha mwendo umenewo, ndipo ine ndadzamva dzina la matenda awo ndili nkhalamba, m'dziko la eni, kwa munthu amene sanaionepo nyanja yathu.

Mwendo wanga anaupulumutsa. Analowetsa kachubu pamphechepeche n'kukafufumitsa kabaluni pamalo pothinapo m'ntchafu, ndipo phazi limene linkakhala lozizira linayamba kufunda. Kuchokera pamenepo moyo wanga uli m'kabokosi ka mapiritsi. Muli asipirini wamng'ono wa mamiligalamu 100, kamodzi patsiku. Muli piritsi lotsitsa mafuta m'magazi, ndi lina la BP. Ndiye muli kakang'ono kwambiri, rivaroxaban wa mamiligalamu 2.5, m'mawa ndi madzulo. Kameneka ndimachita kugula, ndipo pakanapanda abwana amene ndawagwirira ntchito zaka zambiri, sindikanakwanitsa.

Ife ophunzira m'sukulu za Bandawe sitimeza chinthu tisanafunse, ndiye ndinafunsa, ndipo mwana wanga wamkazi amene akuphunzira unamwino anandiwerengera zina. Mankhwalawa satsegula mtsempha wothina. Ntchito yake n'kuletsa magazi kuundana pamalo okhakhala aja. M'magazi muli tizigawo ting'onoting'ono timene timathamangira pabala n'kumatirirana, ndipo asipirini amatichepetsa mphamvu yomatirira. Rivaroxaban amagwira pena: amatsekereza chinthu chotchedwa factor Xa, chimene chimathandiza kuluka ulusi womanga magazi oundanawo. Ndipo nkhani si ya mwendo wokha. Matenda amene ali m'mitsempha ya kumwendo amakhalanso m'mitsempha ya mtima ndi ya ubongo, moti ambiri odwala miyendo chotere chimene chimawatenga ndi mtima kapena sitiroko.

Kafukufuku wamkulu wotchedwa COMPASS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anali ndi anthu 7,470 odwala mitsempha ngati ine. Mwa amene ankamwa asipirini yekha, pafupifupi 7 pa 100 alionse anadwala mtima mwadzidzidzi, kugwidwa sitiroko kapena kufa ndi matenda amenewa pa nthawi yosakwana zaka ziwiri. Mwa amene ankaphatikiza ndi rivaroxaban anali 5. Mavuto aakulu a mwendo, kuphatikizapo kudulidwa, anatsika kuchoka pa 2 kufika pa 1. Koma otaya magazi kwambiri anakwera kuchoka pa 2 kufika pa 3, ambiri a iwo m'mimba ndi m'matumbo. Kafukufuku wina, VOYAGER PAD wa mu 2020, anatsata anthu 6,564 amene anatsegulidwa mitsempha monga anandichitira ine, ndipo anapeza zolozera komweko. Mwana wanga atamaliza kuwerenga anati, "Ada, mwaona? Phindu lilipo, koma si laulere."

Si laulere zoona. Ndikameta ndevu n'kudzicheka, magazi amachedwa kusiya. Ndikagunda chitseko, mawa pamakhala mkwingwirima. Anandiuza zoti ndikaziona ndithamange osadikira kucha: chimbudzi chakuda bii, kusanza magazi, kamfuno wosaleka, magazi m'mkodzo, mutu wowawa modabwitsa makamaka ndikagwa. Anandiletsa Brufen, Indocid ndi diclofenac, poti akakumana ndi asipirini m'mimba mumatha kuchita zilonda zotaya magazi. Anandiuzanso za mbali inayo: mwendo ukangozizira mwadzidzidzi, kutuwa, kuchita dzanzi ndi kuwawa koopsa, ndiye kuti mtsempha watsekeka, ndipo pamakhala maola ochepa okha kuti mwendowo upulumuke.

Usiku ndikagona ndimazitenga zonsezi n'kuziika pa Chintheche, ndipo apa m'pamene tulo timathawa. Ndimadziona ndikutsika pamsewu wa M5 kwathuko, chikwama chili m'manja, fungo la chinangwa chovuulidwa kumene likundilonjera. Ndimaona mchenga woyera uja umene umalira pansi pa mapazi, miyala ya ku Bandawe, phiri la Makuzi, nkhungu zikufuka pakati pa nyanja. Kenaka ndimayamba kuwerengera. Chipatala cha Chintheche chili pafupi, ndipo BP ndi shuga angandiyeze. Cha boma ku Nkhata Bay chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40. Chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000, ndiye kuonjezanso pafupifupi 50, kukwera mapiri. Magazi atayamba kutuluka m'mimba pakati pa usiku m'nyengo ya mvula, galimoto ndingaipeze kuti? Kabokosi katatha, kapiritsi kakang'ono kaja ndikakasake m'mafamase a m'tauni ndi ndalama ziti? Dokotala anachenjeza kuti kumwa modumphadumpha n'kudziika pangozi. Ndipo moyo wa kunyanja ngwa mabala: mbedza, chikwanje, minga ya nsomba, miyala yoterera, kabaza wothamanga. Mchenga wa masana umawotcha, ndipo phazi la magazi ochepa likapsa silichira msanga. Andiuza kuti ndisamayende wopanda nsapato. Ine, kwathu, pagombe limene ndinabadwira, nsapato kuphazi! Ngakhale likodzo limandidetsa nkhawa, poti ndikaona magazi m'mkodzo sindingadziwe ngati ndi nyanja kapena mapiritsi.

Mlongo wanga samvetsa zonsezi, ndipo sindimuda. Akaimba pa WhatsApp amatembenuza foni kuti ndione mango, ndione khonde, ndione mbale ya kondowole ndi batala wootcha. Amati, "Achimwene, nyumba ikuzizira. Mankhwalawo simungabwere nawo?" Kuno nsomba ziliko, snoek wa padoko ndi wokoma ndithu, ndipo chinangwa chimapezeka kwa anyamata obwera ndi katundu. Koma kondowole wa ufa woyenda masiku ambiri m'thumba sanunkhira ngati wa chinangwa chimene waona chikuyanikidwa pathandala. Nyanja ya kuno ndi yozizira moti mapazi anga sangaiyandikire. Mphepo ya kummwera chakum'mawa imawomba kunonso, mwamphamvu kuposa mwera, koma imabwera m'miyezi yotentha, pamene kwathu anthu akudzala, ndipo thupi langa silinazolowere kusinthana kumeneko.

Tsiku lina mlongo wangayo anatchula, ngati nkhani yongodutsa, kuti alamu masiku ano popita kumunda amaima kawirikawiri, akuti akatumba akukokana, ndipo akumwa Indocid wa pagolosale. Alamu amasuta. Mtima wanga unagunda. Ndinapempha kuti awapatse foni.

"Alamu, mukaima ululuwo umatha?"

"Umatha, alamu. Ndikangoyenda pang'ono wabweranso."

"Nanga usiku?"

"Usiku ndimagona bwino."

Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha yankho lomalizalo. Maganizo oyamba anali oti ndiwagawireko mapiritsi anga kudzera kwa anyamata a mabasi, monga timatumizira mabulangete ndi mafoni. Mwana wanga anakana kwamtuwagalu, ndipo dokotala anagwirizana naye. Mankhwala amenewa sapatsirana. Munthu amene ali ndi zilonda za m'mimba, kapena impso zofooka, kapena BP yokwera yosasamalidwa, kapena anatayapo magazi mu ubongo, akhoza kufa nawo. Ena akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB amene sagwirizana ndi rivaroxaban. Ngakhale warfarin, mankhwala akale oletsa magazi kuundana amene amapezeka mosavutirapo, si yankho la matendawa: kafukufuku wa WAVE mu 2007 anapeza kuti kumuphatikiza ndi mankhwala a mtundu wa asipirini sikunachepetse mtima kapena sitiroko, koma kutaya magazi koika moyo pachiswe kunakwera kuchoka pa munthu mmodzi kufika pa anayi mwa 100 alionse. Choncho alamu ndinawatumizira mawu okha. Ndinawapempha kuti apite kuchipatala cha Chintheche, akavule nsapato okha ngakhale asanauzidwe, akapemphe kuti awagwire mapazi ndi kuwayeza BP ndi shuga, akanenenso za Indocid uja. Ndinawapempha asiye fodya. Ndipo ndinawachonderera, mawu akunjenjemera, kuti lumo lisayandikire mwendo umenewo, ngakhale atanena ndani. Ndinawakumbutsa za amalume. Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Yewu, alamu, ndamva."

Chondiwawa n'chakuti zambiri zopulumutsa mwendo si zodula. Zala za munthu wophunzitsidwa zogwira phazi sizifuna magetsi. Asipirini wamng'ono ndi wotchipa. Kusiya fodya kumabweza ndalama m'thumba. Akatswiri anawerengera kuti mu 2010 anthu oposa 200 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ambiri a iwo m'maiko osauka ndi apakati, koma kwathu timamva za malungo, za Edzi, za kolera, ndipo mwendo wa nkhalamba ukamawawa timati ndi zaka. Ndikanakonda tsiku lina mlangizi wa zaumoyo ataima pagombe m'mawa, asodzi akutsitsa usipa, n'kufunsa kuti ndani mwa inu amaima panjira chifukwa cha akatumba. Ndikudziwa kuti manja angakwere.

Mankhwala ena amene anandilembera ndi kuyenda. Anati ndiziyenda mpaka ululu ubwere, ndipume, ndiyambenso, kwa mphindi 30 kapena kuposerapo, katatu pamlungu, kwa miyezi itatu osadukiza, ndipo ndisadzaleke. Minofu imaphunzira kugwira ntchito ndi magazi ochepa, ndipo mtunda umatalika. Ndimayenda m'mbali mwa gombe la Hout Bay, koma mitunda ndimaiyeza ndi ya kwathu. Poyamba ndinkangokwanitsa wochoka pakhomo pathu kufika pamjigo. Kenaka unakwana wofika kumsika. Tsopano ndikulimbana ndi wofika kutchalitchi. Miyendo imeneyi inavinapo malipenga, itavala masokosi oyera ofika m'mawondo, fumbi likubuka, amayi akululutira. Sindikupempha kuti idzavinenso. Ndikufuna idzandinyamule kuchoka pakhonde kufika kumanda a amayi, amene anaikidwa ine ndili kuno, n'kundibweza.

Pa ulendo wanga wapitawu kuchipatala ndinalimba mtima n'kufunsa funso limene ndinkaliopa. Ndinati, "Adokotala, kodi munthu wa mapiritsi awa angakakhale kumudzi?" Sanaseke, ndipo sanandinamize. Anati asipirini yekha, kapena mnzake wa mtundu womwewo, clopidogrel wa mamiligalamu 75 yekha, pamodzi ndi piritsi la mafuta, BP yosamalidwa, kuyenda ndi kusasuta, ndi chithandizo chovomerezeka chimene anthu ochuluka akukhala nacho. Clopidogrel anayesedwa pa anthu oposa 19,000 mu kafukufuku wa CAPRIE wa mu 1996, ndipo kwa odwala mitsempha ya kumiyendo anaoneka kuti amaposako asipirini. Anati kwa munthu wokhala kutali ndi kumene angapatsidwe magazi msanga, kuchepetsa chiopsezo chotaya magazi nakonso n'kwanzeru. Koma anatinso kwa ine, amene mtsempha unatsegulidwa kale, kusiya kapiritsi kaja n'kutayako chitetezo china, ndipo zimenezo ndiyenera kuzidziwa ndisanasankhe. Anati tidzakambirane bwinobwino, ndisasinthe kanthu pandekha.

Ndiye chisankho chabwerera m'manja mwanga, ndipo n'cholemera. Kuno kuli chipatala chimene chimaudziwa mwendo wanga, kuli ana anga, kuli kabokosi kodzadza. Uko kuli nyumba imene ndinaimanga ndi thukuta la zaka zonsezi koma sindinaigonemo mokwanira, kuli mlongo wanga amene naye akukalamba, kuli alamu oti ndikawaperekeze ndekha kuchipatala. Anzanga a kuno amati ndisachite zamasewera ndi moyo, ndipo akunena zoona. Koma ndaperekezapo maliro ambiri a anzathu ochoka kuno m'bokosi, pangolo yokokedwa ndi galimoto, titasonkherana ndalama m'matchalitchi ndi m'magulu, ndipo sindikufuna kukafika kwathu mwa njira imeneyo.

Tagwirizana ndi ana kuti ndipite mu Disembala, ndikakhaleko mpaka chilimika cha chaka chatsopano chitavinidwa. Dokotala alemba kalata yofotokoza matenda anga, zimene anachita m'ntchafu, ndi mankhwala onse ndi milingo yake. Mapiritsi ndidzatenga okwanira ndi ena apadera, m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wapansi pa basi. Ulendowo ndi wa masiku, ndiye paliponse basi ikaima ndizitsika n'kuyendayenda. Ndikakafika ndikapita ndi kalatayo kuchipatala cha Chintheche ndi cha Nkhata Bay, ndikafunse zimene zimapezeka ndi zimene sizipezeka, ndikadutsenso m'mafamase a ku Mzuzu kufunsa mitengo, ndipo ndikapeze munthu wa galimoto pamudzi amene angadzuke usiku ndikamuimbira. Mlongo wanga ndamuuza kuti anyike chinangwa, ndiponso kuti awauze alamu kuti tikadzaonana chinthu choyamba ndidzafuna kuona mapazi awo.